Mabatire a Che Amidu

Che Amidu anathamanga kamodzi kokha pa moyo wawo wonse, ndipo tsiku limenelo anali atagona m'jeneza, chonyamulira maliro chija. Mukudziwa mmene ife Asilamu timanyamulira maliro. Palibe zoimaima panjira, phewa ili likamalandira linalo latula kale, fumbi koboo mpaka kumanda. Ine ndinali kumapeto kwa mzere ndi bondo langa lakufali, ndikupumira m'mwamba, ndipo pambali panga a Filipo, amene anawaimbira ng'oma zaka zonse zija, ankang'ung'udza.

"Taonani. Liwiro ankalitha mdalayu. Ankangotizunza dala."

Wina anawaponda phazi kuti akhale chete. Koma a Filipo sanalakwe kwenikweni. Malemuwo akanakhala ndi mpweya, akanasuzumira m'nsalu muja n'kutiuza kuti tibwerere kunyumba tikayambirenso, tafulumira.

Sadaka yawo tadya sabata yathayi kwa Mponda. Mpunga unatha, anthu anasamba m'manja n'kubalalika, ndipo mwa onse amene anaimirira kulankhula palibe anatchula nyimbo. Anati anali telala wofatsa, wosaphonya swala kumzikiti. Zoona zimenezo, koma ng'ombe ikafa sitiyamikira mchira wokha. Ndiye ndati ndilembe ineyo Kasimu, amene ndinakoka chingwe cha babatoni m'bandi yawo ya Mwera Wagona mpaka chala changa ichi chinaleka kumva moto. Anthu amati ndikamafotokoza nkhani ndimathira mchere wambiri. Walahi, muno mulibe bodza ngakhale limodzi, ndipo mboni zina zikadali moyo.

Kwa inu amene simunatimvepo, tinali bandi ya nyimbo zovina, koma zovina za anthu otopa. Ng'oma ikati du, munkatha kupita kuseri kukataya madzi, kusamba m'manja, n'kubwera kudzapeza du wachiwiri akungofika kumene. Gitala ya Che Amidu inkamveka ngati akuiimbira pansi pa Shire, mawu ake akunjenjemera ngati msewu wa tala masana a Okutobala. Poimba ankalozetsa pakamwa m'mgolo wa dizilo wopanda kanthu, umene tinkaugoneka pa mphanda ziwiri, ndiye mawu ankatuluka pawiri, ena patsogolo, ena akutsatira kumbuyo ngati mkazi amene sanamalize kukalipa. Kavinidwe kake mapazi sankachoka pansi. Mapewa okha, chiuno pang'ono, maso otsinzina. Pa ukwati wina ku Chowe mayi wina analowa m'bwalo ali ndi pakati, ndipo pamene nyimbo inkatha mwana anali akukwawa. Mwanayo alipo, amapalasa kabaza pa boma, mukamufunse.

Kuchedwaku sikunali kwa pa gitala pokha. Makina awo osokera ankakhala pakhonde la golosale ina, ndipo ukawapatsa nsalu ya Idi ino unkavala Idi inayo, utanenepa kale. Moni wawo unkayamba ndi iwe, n'kupita kwa akazi ako, ana, apongozi, mbuzi ndi denga lako lodontha, kotero anthu a changu akawaona patali ankawoloka msewu. Tiyi ankamwa atazizira, ankati wotentha munthu amamwa ndi mantha. Za nyimbo ankakonda kunena kuti ili ngati chambo pa moto, ukasonkhezera kwambiri kunja kumapsa mkati muli magazi. Ankatinso munthu wothamanga amafika msanga pamalo pamene palibe akumudikira.

Nthawi ina anthu anakawanenera kwa shehe kuti munthu wa mzere woyamba mumzikiti akuvinitsa anthu m'maukwati. Sheheyo anali wachilungamo, anati sangaweruze chinthu chimene sanamve. Anabwera, tinamuikira mpando patali pang'ono, ife n'kuyamba. Anamvera, anamvera, ndevu zinatalika tikuona. Podzuka anati iye tchimo sakuliona, chifukwa Satana ndi wa phuma, nyimbo yotere sangaidikire. Anangopempha kuti tizimaliza nthawi ya swala isanakwane, chinthu chimene chinali chovuta kuposa kungoleka.

Chaka chatha, miyendo itawatupa, ndinkapita kukawaona masana. Tsiku lina anandiyang'ana nthawi yaitali, ine n'kumaganiza kuti akufuna madzi.

"Che Kasimu, mwakhala kumbuyo kwanga zaka zonsezi. Tandiuzani zoona. Ine ndinali woimba, kapena ndinali mabatire akutha?"

Akazi awo, Abiti Sumani, anayankha ali kuseri akupeta mpunga. "Mwayambanso? Imwani mankhwala."

Ine ndinati ndiyambe ndaganiza kaye, iwo anati ndisafulumire. Funso limeneli ndi limene linawadya zaka zawo zomaliza kuposa shuga, ndipo kuti mulimve bwino ndiyenera kubwerera kutali.

Kale, Che Amidu atangokwatira kumene, mkulu wawo anabwera kuchokera ku migodi ya ku Joni ndi chifuwa, bulangete ndi wailesi ya kaseti. Chifuwacho chinamutenga mvula isanagwe. Bulangete anatenga wamasiye, wailesi inatsala kwa Che Amidu, ndipo mkati mwake munali kaseti imodzi yopanda dzina, pepala lake litafufutika ndi thukuta. Magetsi kunalibe. Mabatire atsopano wailesi imeneyo sinawalawepo chifikire m'dziko muno. Che Amidu ankatola amene asodzi atulutsa m'matochi, n'kuwayanika padenga ngati usipa, kuwaluma m'mbali, kuwagogoda ndi mwala, kenako n'kuwalowetsa. Kaseti nayo inkakhala pawindo, dzuwa la ku Mangochi likuiphika mpaka tepi inatambasuka. Tsiku lina wailesi inaitafuna. Anaisolola bwinobwino, n'kuilumikiza ndi guluu womatira chubu cha njinga, koma chidutswa china chinalowa chopotoka, ndipo kuyambira pamenepo pakati pa nyimbo panali malo pamene zonse zinkayenda chafutambuyo, mawu akumezedwa m'malo motuluka.

Mmenemo munali nyimbo imodzi imene inawagwira mtima. Munkamveka mawu a mdala, okhuthala, olemera, akuimba m'chilankhulo chimene palibe ankachidziwa, gitala ikumutsatira ngati ikuyenda m'matope. Che Amidu anangomva n'kudziwa kuti ameneyu ndi munthu wa mumgodi akulira anzake amene thanthwe linawagwera. Mwina ankamva mkulu wawo, kaya. Anasema gitala ya galoni n'kuyamba kuphunzira, ndipo anaphunzira zonse, osasiyako kanthu. Pamene tepi inkanjenjemera, iwo ankapotoza chikhomo cha waya ndi dzanja lamanzere kuti nayo gitala injenjemere. Pamene mabatire ankafooka kumapeto, iwo ankatsika nawo limodzi. Pakati paja pa chafutambuyo panawatengera mvula zingapo, akuyesa kuimba mokoka mpweya m'kati mpaka Abiti Sumani ankaganiza kuti atsamwa munga wa nsomba.

Wailesi inadzafa, kaseti inasungunuka, mboni inatha. Pamene ife tinkalowa m'bandi, tinapeza nyimboyo ili m'manja mwawo basi. Zina zonse zimene anapeka pambuyo pake, ya kampango wothawa mbedza, ya mpongozi wobwereka mchere, ya bwato lobwerera lopanda mwini, zinkayenda mayendedwe omwewo. Ndipo paliponse pamene tinkaimba, asanakhudze waya, ankaimirira, kukonza kofia, n'kulengeza kuti, "Abale, iyi tikuimba monga amaimbira ku Joni." Ankanena mawu amenewa monyadira ngati munthu woonetsa chitupa. Ife tinkakhulupirira. Ku Joni ndani mwa ife anali atafikako?

Amene sanakhulupirire ndi mtima wonse anali a Filipo. Iwo ndi Mkhristu wa kumtunda kwa Makokola, msodzi wa chilimira, ndipo manja awo anakulira pa ng'oma za kutchalitchi, zimene sizidikira munthu. Anthu awiriwa anakangana kuyambira tsiku loyamba mpaka tsitsi linayera.

"Che Amidu, anthu akugona!"

"Sakugona, a Filipo. Akumvera m'kati."

"Nanga uyo akuliza mkononoyo?"

"Akuthandiza Che Kasimu besi."

Chaka china Che Amidu anamasula miyala ya paukonde n'kuimangirira ku timitengo ta ng'oma kuti manja a a Filipo alemere. A Filipo anaimba choncho nyengo yonse ya mwera, ndipo mikono inakula mpaka anayamba kukoka chilimira okha, anzawo atakhala m'boti akudya mbatata. Izi ndinaona ndi maso angawa. Ankasiya bandi pafupifupi mwezi uliwonse, kulumbira pa dzina la Maria kuti sadzabweranso, koma Loweruka unkawapeza afika woyamba, akuwamba ng'oma padzuwa. Nditawafunsa chifukwa chake anati akakhala panyanja osagwira kanthu, mtima wawo umagunda mwa Che Amidu, ndipo zimawanyansa.

Zaka zathu zabwino zinali za ku hotela ina ya cha ku Makokola, kumene tinkaimba Lamlungu masana. Azungu ankagona chagada pa kapinga, kutsinzina, ena kumayendetsa manja m'mwamba ngati akupha udzudzu wa m'maloto. Tikamaliza ankabwera mmodzimmodzi kudzanong'oneza kuti tiwagawireko chimene timasuta. Che Amidu, munthu amene sanagwirepo ngakhale fodya wa pamphuno, ankawalozera ketulo ya tiyi. Mzungu wina anamwa makapu angapo n'kunena kuti wayamba kuona mitundu. Che Amidu ankadabwa pang'ono kuti anthu oyenda maiko onsewa akuchita ngati sanamvepo nyimbo za ku Joni, koma anati mwina ndi a kumudzi kwambiri.

Tsopano za ukwati wa Rashidi. Rashidi ndi mwana wa mlongo wawo, anakulira m'nyumba mwawo, ndipo atakula anapita ku Joni monga amachitira amuna onse a kuno masiku ano. Amjomba akewo, Che Amidu, ankawakonda, zimenezo musakaike. Ali kumeneko ankaimbira nyimbo ija aliyense wa imvi amene wakumana naye, alonda, oyendetsa matakisi, kufunsa ngati akumudziwa mdala wa mumgodi uja. Onse ankapukusa mutu. Potsiriza mayi wina wogulitsa zitumbuwa za kumeneko anamvera, anaseka, n'kuyamba kumuombera m'manja kuti afulumire, afulumirebe. Atafika pa liwiro lina mayiyo anailandira nyimboyo n'kuimaliza yekha akuvina. Rashidi anaipeza, n'kuiika m'foni, n'kuisunga ngati mphatso ya tsiku lake lalikulu. Mutu wa mkwati sugwira bwino. Iye ankaganiza kuti amjomba alira ndi chisangalalo.

Anali masana, kwa Mponda, pabwalo pali tenti, jenereta ikulira kuseri kwa bafa, masipika aatali ngati zitseko. Ife tinkayenera kuimba anthu akatha kudya. Tili pakati pa mpunga ndi mbuzi, Rashidi anaimirira ndi maikolofoni, suti ikuwala.

"Amjomba, moyo wanga wonse mwakhala mukutiuza za nyimbo ya ku Joni. Lero ndakupezerani eni ake. Imvani!"

Anadina.

Nyimbo inalowa ngati mbuzi zothyola khola. Gitala ikulongolola, ng'oma ngati matalala pa malata. Poyamba sindinaizindikire. Kenako ndinamva chala changa chikusuntha chokha pa mbale. Inali yathu, ngodya iliyonse, kukwera kulikonse, koma ikuthamanga itakwinya chitenje m'chiuno. Ndipo mdala wa mumgodi munalibe. Anali atsikana, mawu oonda ngati wenzulo, akuseka, akululutira. Rashidi anakuwa pamwamba pa phokosolo kuti ndi nyimbo ya paukwati, yoseka mkwatibwi amene sadziwa kuphika. Inatha ine ndisanameze nyama imene inali m'kamwa.

Kenako bambo wina wokonza mawailesi pamsika anamenya ntchafu.

"Anali mabatire amenewo! Che Amidu, wailesi yanu ija inkakoka! Inu munaphunzira njala ya mabatire!"

Mayi wina anayamba kuseka, ndipo tenti yonse inagwa ndi phwete. Wina kumbuyo anakuwa kuti mdala wa mumgodi wavala siketi. A Filipo anakwera pa benchi, manja m'mwamba.

"Ndinkanena ine! Zaka zonsezi ndinkanena! Manja angawa ankadziwa, inu n'kuwamangirira miyala!"

Che Amidu anali atakhala, mpunga uli m'dzanja, pakati pa mbale ndi pakamwa. Anaubweza m'mbale pang'onopang'ono.

"Iwe Rashidi. Tabwereza."

Rashidi tsopano nkhope inali itagwa, waona chimene wachita. Anabwereza motsitsa. Che Amidu anamvera atapendeketsa mutu, milomo ikusuntha koma ikutsalira.

"Pakati paja pali kuti?"

"Pati, amjomba?"

"Paja zinthu zimabwerera m'mbuyo."

"Palibe, amjomba. Imathera pomwepa."

"Aidula."

"Sanaidule. Ndi yonse imeneyi."

Abiti Sumani anali kumbali ya amayi, koma mawu awo anafika. Sananene mwankhanza, anangonena ngati munthu wokumbutsa mnzake pamene anasiya makiyi.

"Pajatu ndi pamene munamata ndi guluu wa njinga, bambo."

Nthawi yathu yoimba inali itakwana. Ine ndinkayang'ana njira yotulukira ndi babatoni wanga osaonedwa, koma chinthu chotalika ngati mlongoti suchibisa m'malaya. Rashidi anagwada pambali pawo n'kunena kuti ngati atopa asavutike, masipika alipo. Che Amidu anapempha madzi, anasamba m'manja chala chimodzichimodzi, n'kunyamuka kupita pamene panali mgolo. Anakoleka gitala. Anakonza kofia. Anatsegula pakamwa pamalo paja ankalengeza za ku Joni, ndipo simunatuluke kanthu. Anaima choncho, anthu akudikira, ena akubisa mano m'mipango. Kenako anakhudza waya.

Walahi, sanaimbepo mochedwa ngati tsiku limenelo. Ntchentche inatera pa waya, inaikira mazira, inachoka, iwo asanaukhudzenso. A Filipo anayesa kukankha kamodzi, Che Amidu anangowayang'ana, ndipo a Filipo anabwerera m'mzere ngati ng'ombe yapangolo. Achinyamata anatuluka kupita kumsewu kukavina za m'mafoni mwawo. Akumwamuna ena anayamba kupakira mipando. Anatsala amayi achikulire a ku Chowe, amene anavinira nyimboyi pa maukwati awo, ndipo iwo anaima, anatsinzina, mapewa n'kuyamba. Atafika pakati paja pa guluu, Che Amidu anakhalapo nthawi yaitali, akumeza mawu, misozi ikutsikira mumgolo. Ena amati kunali kuuma mutu. Ine ndikuganiza kuti njira ina yobwerera kunyumba sankaidziwa.

Mawa lake anapachika gitala pa msomali, ndipo inakhala pamenepo dzinja lonse. Ana panjira anayamba kuwaitana Che Batire. Iwo ankawapatsa moni anawo, ndi makolo awo, ndi mbuzi zawo, monga kale.

A Filipo anati mpata ndi uno. Anatitenga ife otsala, n'kupeza wa gitala wina wa zala zoyabwa, tinabwerera ku hotela kuja ndi liwiro lenileni la ku Joni. Tinkamaliza nyimbo zonse za bandi alendo asanabweretsedwe supu. Azungu sanagonenso pa kapinga, ankangotafuna akuyang'ana mbale. Patapita masabata ochepa bwana wa hotela anatiitana n'kunena mwaulemu kuti zimene tikuimbazi ali ndi munthu mmodzi wa kiyibodi amene amazitha yekha, ndiponso amadya mbale imodzi.

Tinapita kwa Che Amidu, a Filipo patsogolo atanyamula kampango wamkulu ngati mwana wa sukulu. Tinawapeza akusoka. Sanadzutse mutu.

"Mwabwera msanga," anatero.

"Musayambe, achimwene," anatero a Filipo. "Landirani nsomba."

"Munali olondola inu, a Filipo. Anthu onse anamva."

"Eya, ndinali wolondola. Ndiye ndidye kulondolako? Tsitsani gitala, Loweruka kuli chinkhoswe."

Anaitsitsa. Tinaimbanso zaka zingapo, mochepa, chifukwa maukwati a masiku ano amafuna masipika. Koma za ku Joni sanazitchulenso, ndipo sanaike mawu ena m'malo mwake. Ankangoimirira, kukonza kofia, kukhala chete pang'ono, n'kuyamba. Kunabwera munthu wina wa ku Lilongwe ndi makina ojambulira, kuwachonderera masiku awiri athunthu pakhonde paja kuti nyimbo zotere kulibe kwina kulikonse. Che Amidu anamusokera batani limene linali lothothoka, n'kumuuza kuti munthu sajambulitsa kulakwitsa kwake kuti adzukulu adzaseke. Amene anayesa kutijambula mobisa pa mafoni, mafoniwo ankadzaza nyimbo isanafike pakati. Choncho ngati mukufuna kuimva, palibe kumene ndingakulozereni.

Titadya sadaka ija, mawa lake Rashidi anabwera kwathu asanakwere basi yobwerera ku Joni. Kuyambira tsiku la ukwati wake munthuyu sanayang'anenso amjomba ake m'maso, ngakhale iwo sanamunenepo kanthu. Anati tiyeni tikaimbe kamodzi kokha, zala za amjomba amazidziwa, anakula akuziona. Tinatumiza uthenga kwa a Filipo, anabwera pa kabaza ng'oma ili pamsana.

Tinkaphunzirira m'chisakasa cha udzu kuseri kwa nyumba ya Che Amidu. Kale tikayamba nyimbo ija titangochoka ku swala ya masana, inkatha mzikiti ukuitana ya Asiri, dzuwa litapendeka. Tinakhala aliyense pamalo pake. Abiti Sumani anaika ketulo pamoto. Rashidi anayamba, ndipo anayamba bwino, walahi, waya uliwonse pamalo pake, kunjenjemera konse, ngakhale pa guluu paja anameza mawu monga amjomba. Koma tinangozindikira tafika kumapeto. Madzi a m'ketulo anali asanayambe n'kulira komwe.

"A Filipo, mwathamanga," ndinatero.

"Ine? Ndagwira manjawa ngati ndanyamula mazira! Ndinuyo ndi chingwe chanucho."

Tinayambiranso. Tinauzana kuti aliyense awerenge mumtima, apume, adikire. Ndinaluma mlomo, thukuta kamukamu. Pakati pa du woyamba ndi wachiwiri pamakhala dzenje, ndipo munthu ukayang'anamo umachita mantha, umangofuna kulumpha. Kale sitinkaliona dzenjelo chifukwa munali Che Amidu. Tinalumpha tonse atatu, nyimbo inatithawanso.

A Filipo anaika timitengo pansi. Anayang'ana manja awo nthawi yaitali.

"Ine msana unatha," anatero. "Inu Che Kasimu bondo linafa, maso akupita. Ngati ndi mabatire akutha, ife ndife otheratu, oyenera kuyanika padenga. Nanga bwanji sitikutha?"

Rashidi anatsamiritsa chipumi pa gitala. Ine yankho la funso lija, limene ndinalonjeza Che Amidu kuti ndiyamba ndaganiza kaye ndinali nalo tsopano, koma wolilandira anali atapita kale, mothamanga.

Sitinanyamuke. Nthawi ya nyimboyo inali ikadalipo yambiri, ndipo tinangokhala mmenemo. Chisakasacho chapendekera kumbali ya msewu, nsanamira imodzi chiswe chadya. Udzu wa padenga waboola malo awiri, dzuwa limalowa n'kugwa pansi ngati mbale. Pamene Che Amidu ankaima, dothi linakumbika mapazi awiri oyandikana, osaya, osalala ngati mkati mwa mtondo, chifukwa munthuyo sankasuntha. Thadzi la Abiti Sumani lapezapo pabwino, limabwera kudzasamba fumbi, n'kugona chammbali mwendo umodzi uli panja. Tsiku limenelo linabwera, linatiyang'ana, linagona. Ketulo inawira, tiyi anabwera, ndipo palibe anamukhudza mpaka mzikiti unaitana.